Kukhazikika m'nyumba yalendi ku England

Funso: Munthu akangofika ku England n'kupeza nyumba yalendi, ayambire pati kuti akhazikike ndi kupeza anzake?

Yankho: Tsiku lolowa m'nyumbamo, ajambule zithunzi za chipinda chilichonse komanso manambala a pamita ya magetsi ndi gasi. Zithunzizi zimadzakhala umboni potuluka, mwininyumba akafuna kudula ndalama ya chikole. Lamulo la 2019 limati chikolecho chisapose lendi ya milungu isanu ngati lendi ya pachaka siifika mapaundi 50,000. Mwininyumba ayeneranso kuchisungitsa ku bungwe lovomerezeka ndi boma pasanathe masiku 30.

Kenako akalembetse kukhonsolo kuti azilipira msonkho wa nyumba. Wokhala yekha amamuchotsera 25 peresenti. Kulembetsa kwa GP, dokotala wa m'deralo, n'kwaulere, ndipo n'kulakwitsa kudikira kuti adwale kaye.

Chovuta kwambiri ndi kusungulumwa. Aneba amangopatsana moni wachidule, ndipo mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane ku London. Kumeneko chibwenzi chimamera pamalo amene anthu amakumana mlungu uliwonse: kutchalitchi, kumzikiti, kumpira, kapena pantchito yongodzipereka. Wongofika kumene asankhe malo amodzi n'kumapitako mosadumphitsa kwa miyezi ingapo.