Kudzutsa 4x4 Yakale Pakhomo: Malangizo kwa Anthu a ku Kande ndi Chintheche

Kuseri kwa nyumba zina m'mbali mwa msewu wa M5, kuyambira ku Tukombo kudutsa pa Kande mpaka ku Chintheche, kuli magalimoto amene anaima kalekale: Land Rover yomwe inkayenda ku mishoni kapena ku esiteti, Hilux imene wina anabwera nayo kuchokera ku Joni, Land Cruiser yogulidwa pa okushoni ya boma. Ambiri mwa magalimotowa sanafe. Alibe kompyuta, anamangidwa ndi mabawuti, ndipo munthu wodekha amene ali ndi masipanala, jeke ndi makaniko womufunsa nzeru angathe kuwadzutsa pakhomo. Ntchito yawo ilipo yambiri. Phula lathu ndi limodzi lokha, ndipo mukangopatuka kulowera kumtunda kapena kutsikira ku gombe, mumakumana ndi dothi loterera ndi mchenga wozama kumene Sienta imabwerera. Mayi wapakati, matumba a usipa, simenti ndi chinangwa zimafunika galimoto yokoka ndi matayala onse anayi.

Chimene chimagwetsa ambiri n'kuyambira kumapeto. Ndalama zimathera pa penti ndi marimu owala pamene pansi pakuwola. Tsatani mfundozi monga zandandalikidwira, ndipo ndalama zanu zitsatenso njira yomweyo.

1. Yambani ndi mapepala

Musanagule ngakhale bawuti limodzi, onani buku la umwini, lija timati bulu buku. Nambala ya chasisi ndi ya injini zimene zalembedwamo zifanane ndi zimene zinadindidwa pa chitsulo cha galimotoyo. Pa Land Rover Series III nambala ya chasisi imakhala kutsogolo mbali ya kumanja, pamene sipuling'i imagwira. Palani pang'ono ndi burashi ya waya muiwerenge nokha. Ngati galimoto inali ya malemu, abale onse agwirizane molemba pamaso pa mfumu. Ngati inachokera kunja kapena inali ya bungwe losalipira msonkho, tsimikizani ku MRA kuti nkhani ya msonkho inatha. Kenako pitani ku ofesi ya Road Traffic ku Mzuzu mukasinthe umwini. Galimoto yopanda mapepala ndi yongochotsako masipeya basi, ndipo muigule pa mtengo wotero.

2. Dziwani chimene muli nacho

Land Rover Series III inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ndipo zambiri zili ndi injini ya malita 2.25 ya petulo kapena dizilo. Thupi lake ndi la aluminiyamu, choncho limaoneka labwino ngakhale chasisi chitatha. Hilux LN106, ya zaka za 1988 mpaka 1997, ili ndi injini ya dizilo yotchedwa 3L, ya malita 2.8. Land Cruiser ya mtundu wa 70 inayamba mu 1984, ndipo kuyambira 1990 zambiri zili ndi injini ya 1HZ ya masilinda asanu ndi limodzi, malita 4.2, ndi ija mumaiona ikunyamula odwala m'zipatala za boma. Kwa munthu amene akufuna galimoto yogwira ntchito tsiku ndi tsiku, ine ndingasankhe Toyota, chifukwa masipeya ake amapezeka msanga ndipo amakaniko athu anazizolowera. Land Rover ndi yosavuta kumasula, koma zakale zili ndi mabawuti a miyeso ya mainchesi, ndipo sipanala ya mamilimita imangowapera mitu.

3. Konzani malo ogwirira ntchito

Ntchito yayikulu ichitike pakati pa Meyi ndi Novembala, chifukwa mvula ya ku Nkhata Bay imachuluka ndipo imachedwa kutha. Mangani kachisakasa ka malata kapena tenti. Nthaka yathu ndi yamchenga, jeke imamira, choncho yalani matabwa ochindikala ndipo galimoto ikhale pa zoimikira zachitsulo kapena zipika zolimba. Njerwa ndi mabuloko a simenti zimasweka mosachenjeza, ndipo anthu afera pansi pa magalimoto motero. Eni Land Rover adziwenso ichi: buleki ya m'manja imagwira shafuti yochokera ku giyabokosi, osati matayala, ndiye mukanyamula tayala limodzi lakumbuyo galimoto ikhoza kuyenda ngakhale mwakoka buleki. Tsekerani matayala ndi miyala nthawi zonse. Chilichonse musanachimasule chijambuleni ndi foni, ndipo mabawuti a chigawo chilichonse akhale m'chitini chakechake cholembedwa.

4. Chasisi: apa ndi pamene pali mlandu wonse

Madzi a nyanja yathu alibe mchere, koma chinyezi cha kuno chokha chimakwanira kudya chitsulo. Chasisi cha magalimotowa chili ndi mphako mkati. Matope ndi mchenga zimalowamo, zimasunga madzi chaka chonse, ndipo dzimbiri limadya kuchokera mkati monga chiswe chimadyera mtanda wa denga, kunja kukuoneka bwinobwino. Maso sangakuuzeni zoona. Tsukani pansi ponse, tengani hamala yaing'ono mugogode paliponse. Chitsulo chamoyo chimalira mokweza. Chowola chimalira mogonthera, chimabonyoka, ndipo mkati mumamveka zinyenyeswa zikugwa.

Gogodani kwambiri pogwira masipuling'i, pa mtanda wakumbuyo pomwe pamamangidwa chokokera, pa timikono tonyamula thupi, ndi pamene bokosi la chiwongolero limamangidwa. Pa Land Rover onaninso khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi okwera, makamaka popondera mapazi ndi m'mizati ya zitseko. Pamene aluminiyamu yakhudzana ndi chitsulo mudzaona ufa woyera. Zitsulo ziwirizi zimadyana pakakhala chinyezi, choncho pomanganso ikani rabala kapena penti wokhuthala pakati pake.

Powola padulidwe mpaka mufike pa chitsulo chamoyo, kenako pawotchereredwe chigamba cha mamilimita 2 kapena 3, molingana ndi makulidwe a chasisicho. Kuphimba chigamba pamwamba pa dzimbiri n'kubisa bala lokha. Ntchitoyi ipatseni wowotcherera wodziwa magalimoto. Luso la mafelemu a mawindo ndi lina. Asanayatse makina, chotsani batire, masulani mawaya a alutaneta, tsitsani thanki ya mafuta muiike kutali. Thanki ya petulo isawotchereredwe ngakhale ikuoneka youma, chifukwa mpweya wotsalamo umaphulika. Ngati mbali zonse ziwiri za chasisi zawola malo ambiri, kapena chinapindika pa ngozi, imani pomwepo. Funani chasisi china chokhala ndi mapepala ake, kapena gulitsani masipeya mubweze ndalama zanu.

Mukamaliza, pakani penti woletsa dzimbiri, tsegulani timabowo totulutsira madzi, ndipo thirani oyilo watsopano wosakaniza ndi girisi mkati mwa mphako.

5. Mabuleki ndi chiwongolero, injini isanalire

Galimoto yosalira siipha munthu, koma yosaima imapha. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, ndipo m'galimoto yoima zaka masilinda amakhala atachita dzimbiri. Sinthani marabala onse, mapaipi a rabala ofika ku matayala, ndi mapaipi achitsulo amene adyeka; thirani mafuta atsopano a DOT 3 kapena DOT 4, ndipo muziwasintha zaka ziwiri zilizonse. Fumbi la m'madiramu akale likhoza kukhala ndi asibesitosi amene amawononga mapapo, choncho musaliuzire ndi pakamwa kapena pampu. Pukutani ndi nsanza yonyowa. Nsapato za mabuleki zimene zanyowa ndi oyilo zitayidwe, ndipo silo yodonthayo isinthidwe.

Wina agwedeze chiwongolero inu mukuyang'ana pansi. Mfundo iliyonse yogwedera isinthidwe, osati kuimenya ndi hamala kuti igwire. Nyamulani tayala lililonse, ligwireni pamwamba ndi pansi mugwedeze kuti mumve mabering'i. Pa masipuling'i werengani zitsulo zothyoka, sinthani mabushi, ndipo mangitsani mabawuti okumbatira ekiselo.

6. Dzutsani injini pang'onopang'ono

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musangoika batire n'kuliza. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'silinda iliyonse, dikirani masiku angapo, ndiye zungulizani injini ndi sipanala. Ikazungulira bwino, khetsani oyilo wakale, sinthani masefa onse, tsukani thanki. Pa injini za 3L ndi 1HZ sinthani lamba wa taiming'i musanayende kulikonse. Amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000, koma wokhalitsa amauma, ndipo akaduka mapisitoni amagunda mavavu. Injini ya Land Rover ya 2.25 ili ndi tcheni m'malo mwa lamba, ndipo mpata wa mavavu ake ndi mamilimita 0.25.

Ikalira, werengani utsi. Wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Wakuda, yang'anani sefa ya mpweya ndi mainjekita. Woyera wosatha injini itatentha, pamodzi ndi madzi ochepa mu radiyeta, ndiye gasiketi kapena mutu wa injini wang'aluka. Pampu ya dizilo ndi mainjekita musazitsegule pakhomo. Zimafuna makina oyezera a ku Mzuzu kapena ku Lilongwe.

Kutentha ndiye mdani wamkulu wa injini ya 3L. Msewu wochoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu umakwera kuchokera pa mamita osakwana 500 kufika pa mamita oposa 1,200, ndipo radiyeta yotsekeka imaonekera pamenepo. Itsukitseni, sinthani mapaipi ndi chitsekero chake, thirani madzi a mvula osakaniza ndi mankhwala a mu radiyeta. Chizolowezi chochotsa themositati n'choipa: injini imachedwa kufunda ndipo imadyeka msanga. Ikani yatsopano.

A injini za petulo akumbukire kuti petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanolo, amene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga mu 1982. Ethanolo amafewetsa marabala akale ndipo amakoka madzi, choncho mapaipi a mafuta ndi timarabala ta mu pampu ndi mu kabuleta zikhale zatsopano.

7. Giyabokosi ndi madifu

Khetsani oyilo wa mu giyabokosi, m'bokosi logawa mphamvu ku matayala anayi, ndi m'madifu onse awiri. Akatuluka wotuwa ngati mkaka, mwalowa madzi. Series III imafuna EP90 monsemo. Pakani girisi pa mfundo zonse za mashafuti.

8. Magetsi

Makoswe amakonda mawaya a galimoto yoima. Tsatani waya uliwonse, palani pogwira waya wa nthaka pa chasisi, ndipo fyuzi iliyonse imene ena anamangapo waya kapena pepala la fodya ichotsedwe. Ikani chozimitsira batire chachikulu.

9. Kugula masipeya

Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo kulakwitsa sipeya kumapweteka. Nyamulani chakalecho popita ku sitolo, pamodzi ndi nambala ya chasisi. Zitseko, magalasi, maekiselo ndi magiyabokosi ogwiritsidwapo kale mungawapeze ku Mzuzu, ku Biwi mu Lilongwe kapena ku Ndirande. Koma lamba wa taiming'i, marabala a mabuleki ndi mfundo za chiwongolero zikhale zatsopano ndiponso zenizeni. Kuno mabanja ambiri ali ndi wachibale ku South Africa. Mutumizireni nambala ya sipeya ndi chithunzi chake, osati dzina lokha.

10. Zosintha zothandiza ndi zowononga

Zothandiza n'zotsika mtengo. Lumikizani timapaipi pa topumira ta madifu ndi giyabokosi, tikwere mpaka m'chipinda cha injini. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imayamwa madzi, ndipo timapaipi timeneti timaletsa zimenezo. Onjezani sefa yolekanitsa madzi ndi dizilo, chifukwa mafuta akasowa ambirife timagula a m'zigubu. Mangani zokokera zolimba pa chasisi penipeni, kutsogolo ndi kumbuyo. Ngati mudzanyamula nsomba, yalani rabala m'bodi ndipo muzitsuka tsiku lomwelo, popeza madzi a nsomba ndi mchere zimadya chitsulo. Paipi yokweza mpweya m'mwamba imathandiza pa fumbi, koma siisandutsa galimoto kukhala bwato. Mtsinje wodzaza udikireni uphwe.

Zowononga ndi zija zokongola. Kukweza galimoto kwambiri kumaipangitsa kugubuduzika pa makona ndiponso kumadya mfundo za mashafuti. Matayala otambalala amalemetsa chiwongolero, amafooketsa mabuleki, ndipo pa Land Rover amathyola mashafuti a mu ekiselo. Saizi ya 7.50R16 inayesedwa kale m'misewu ngati yathu. Onani zaka za tayala pa manambala anayi a m'mbali: 2319 ndiye sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Marimu ogawika, okhala ndi mkombero wochotseka, apopedwe ndi wodziwa, chifukwa mkomberowo ukafwamphuka umapha. Kuwonjezera chitsulo chimodzi pa masipuling'i akumbuyo n'kololeka, koma sikuwonjezera mphamvu ya mabuleki kapena ya ekiselo. Katundu wolemera asakwere padenga. Mukasintha injini kapena mtundu wa penti, kalembetseni ku Road Traffic.

11. Penti, COF ndi ulendo woyamba

Penti abwere tsopano, m'nyengo youma, tsiku lopanda mwera. Oyilo wakale ndi madzi otsukira zisatayidwe pafupi ndi nyanja kapena m'madambo moviika chinangwa, ndipo galimoto isatsukidwire m'nyanja momwe anthu amatunga madzi. Konzani magetsi onse, hutala, mawaipa, malamba a pampando, zonyezimira ndi matirayango awiri, dulani inshuwalansi, ndiye mukayezetse COF.

Ulendo woyamba ukhale waufupi, Kande mpaka Chintheche n'kubwerera, wopanda katundu. Pofika gwirani pakati pa tayala lililonse: potentha kwambiri pali bering'i yothina kapena buleki yogwira. Mangitsaninso manati a matayala ndi mabawuti a masipuling'i. Series III, Hilux ndi Land Cruiser zonsezi zimakoka ndi matayala awiri okha pa phula, ndipo 4x4 ilowetsedwe pa matope ndi mchenga pokha, apo ayi magiya amakokana mpaka kuthyoka. Pa Series III kachitsulo ka mutu wachikasu kamalowetsa matayala anayi, ka mutu wofiira ndi ka giya yamphamvu. Pa mchenga wa ku gombe phwetsani matayala kufika pa 1.5 bar, yendani osaima mwadzidzidzi, ndipo muwapopenso musanakwere pa M5.