PHUNZIRO 9: KUKONZERATU CHAKA CHA KUPHUNZITSA ANA PAKHOMO

Kuŵerenga: Deuteronomo 6:4-9, Luka 14:28-30, 2 Timoteo 1:5 ndi 3:14-15.

Mau oloŵeza pamtima: Deuteronomo 6:7.

Cholinga: Kuti inu makolo muzindikire kuti Mulungu anakuikani kukhala aphunzitsi oyamba a ana anu, ndipo kuti mudziŵe kukonzeratu ntchito imeneyi chaka chisanayambe.

MAU OYAMBA

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse za m'Malaŵi muno zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Ana olemba mayeso anabwerera pa 7 Seputembala, ndipo ena anadikira kufikira mwezi wa Okutobala. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatseketsanso sukulu zambiri za kummwera. Pa nyengo zimenezi nyumba iliyonse inasanduka kalasi, ndipo bambo ndi mai anakhala aphunzitsi osayembekeza.

Ine ndinali ndi adzukulu atatu pakhomo mu 2020. Popeza ndinagwira choko zaka zambiri, ndinadzinyenga kuti ntchito yake njapafupi, ndipo sindinalembe kanthu. Tsiku ndi tsiku ndinkati tiyamba maŵa. Maŵalo kunali kukolola, mkuja kunali maliro, tsiku linalo kunabwera alendo. Mu Juni ndinapatsa mdzukulu wa Sitandade 3 buku lake la Chicheŵa. Mwanayo anangoti kakasi pa mau amene ankaŵaŵerenga bwino mu Febuluwale. Ndinachita manyazi pamaso pa Mulungu. Mwana analibe mlandu. Mwini mlandu ndinali ine. M'midzi ina chitayiko chinali chachikulu koposa, pakuti atsikana ambiri anatenga pathupi ndi kukwatiwa asanakhwime, ndipo ena sanabwererenso kusukulu.

1. NTCHITO IMENEYI ANAIPEREKA NDI MULUNGU

Pa Deuteronomo 6 Mose akulankhula kwa Aisraele asanaoloke Yordano. Taonani dongosolo lake. Choyamba, mau a Mulungu akhazikike mumtima mwa kholo. Pambuyo pake kholo liŵaphunzitse kwa ana mwakhama, osati pa Sabata pokha ai, koma pokhala pansi m'nyumba, pa ulendo, pa nthaŵi yogona ndi podzuka. Munthu sangatunge madzi m'chitsime chouma. Ngati inu simutsekula Buku Lopatulika, mwana wanu adzalitsekula bwanji?

Timoteo anadziŵa Malembo kuyambira ali wamng'ono, ndipo Paulo akutchula agogo ake Loisi ndi mai wake Yunike monga anthu amene chikhulupiriro chinayamba kukhala mwa iwo. Koma Eli, ngakhale anali wansembe, analekerera ana ake Hofeni ndi Finehasi, ndipo onse aŵiri anafa tsiku limodzi (1 Samueli 2 mpaka 4). Makolo athu anati kuongola mtengo mpoyamba. Kumbukiraninso kuti tsiku limene munaima kutsogolo kwa mpingo kubatiza khanda lanu munalonjeza kulilera m'chiphunzitso cha Ambuye. Lonjezo limenelo silinali la mphunzitsi wa Sande Sukulu; linali lanu.

Kumaiko ena, monga ku America, ku Britain ndi ku South Africa, makolo ena amaphunzitsa ana ao kunyumba chaka chonse, ndipo malamulo a kumeneko amalola. Phunziro lino silikuti muchotse mwana kusukulu. Likuti sukulu ikhale yotsekula kapena yotseka, pakhomo panu pakhale maphunziro.

2. YAMBANI MWAKHALA PANSI

Ambuye Yesu anafanizira kumtsata Iye ndi munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuŵerengera mtengo wake, kuti angalekeze pa maziko anthu namseka. Ngati kuŵerengera kuli kofunika pa njerwa, nanga pa moyo wa mwana?

Ku sukulu ya aphunzitsi anatiphunzitsa kuti mphunzitsi asaloŵe m'kalasi wopanda sikimu, ndiko kuti ndondomeko ya zimene adzaphunzitsa sabata ndi sabata. Mpingo unadziŵa nzeru imeneyi kale. Katekisima wa ku Heidelberg, amene anatuluka mu 1563, ali ndi mafunso 129, ndipo anagaŵidwa m'magawo 52 kuti mpingo uziŵamaliza onse pa chaka chimodzi, gawo limodzi pa Sabata iliyonse.

Tsono inunso chitani chomwecho. Sankhani tsiku limodzi chaka chisanayambe. Bambo ndi mai, kapena agogo amene akulera ana, khalani pamphasa ndi kope limodzi ndi pensulo. Yambani ndi pemphero. Lembani dzina la mwana aliyense pa tsamba lakelake, ndipo pansi pake muyankhe mafunso atatu: Kodi mwanayu akudziŵa chiyani tsopano? Akulephera pati? Tikufuna adzadziŵe chiyani pofika Disembala? Musalembe zambiri. Zinthu zitatu pa mwana mmodzi nzokwanira: chimodzi cha Mau a Mulungu, chimodzi cha kusukulu, ndi chimodzi cha ntchito ya manja. Ana osinkhukirapo aitaneni anenepo maganizo ao, pakuti mutu umodzi susenza denga.

3. TSATANI NYENGO ZA CHAKA

Ndondomeko yosasamala za kumunda idzafa mvula yoyamba ikangogwa. Chifukwa chake igaŵeni motere:

(a) Dzinja, Disembala mpaka Malichi. Ntchito njambiri: kubzala, kupalira, kuthira feteleza ndi kubandira. Mu Januwale ndi Febuluwale chakudya chimachepa m'nkhokwe zambiri, ndipo malungo amachuluka. Maphunziro akhale aafupi. Munda womwewo ndiwo kalasi: mwana aŵerenge mizere, ayese kutalikirana kwa mapando, ndipo madzulo mumsimbire fanizo la wofesa la pa Marko 4.

(b) Masika, Epulo mpaka Juni. Iyi ndiyo nyengo ya masamu. Mwana aŵerenge madengu ndi matumba. Mfunseni kuti, ngati banja limadya thumba limodzi la makilogalamu 50 pa mwezi, tisunge matumba angati kufikira masika ena? Ngati takolola matumba 20, chakhumi ndi matumba angati? Ŵerengani naye Genesis 41, pamene Yosefe analangiza Farao kusunga gawo limodzi mwa magawo asanu pa zaka zisanu ndi ziŵiri za dzinthu. Pa nyengo yomweyi patulani ndalama za makope, yunifolomu ndi sopo, ndalamazo zisanathere kumsika.

(c) Chisanu, Juni ndi Julayi. Ntchito yapepuka ndipo usiku ngwautali. Ino ndiyo nthaŵi yoŵerenga buku lathunthu. Marko ali ndi mitu 16. Mukamaŵerenga mitu iŵiri pa sabata mudzamaliza pa masabata asanu ndi atatu. Agogo asimbe nthano ndi mbiri ya banja pa moto.

(d) Chilimwe, Ogasiti mpaka Novembala. Phunzitsani ntchito za manja: kuumba njerwa, kufolera, kuluka mphasa, kusoka, kusamala dimba ndi ziŵeto. Kukatentha phunzirani m'mamaŵa. Mwana wamkulu alembe kalata yeniyeni kwa mbale wakutali.

Pa chaka chonse loŵezani vesi limodzi pa sabata. Pofika Khirisimasi mwana adzakhala ndi mavesi oposa 50 mumtima. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

4. DONGOSOLO LA TSIKU

Ikani nthaŵi imodzi yosasinthasintha. Mwana wamng'ono sangathe kutchera khutu nthaŵi yaitali. Mphindi 20 nzokwanira. Wamkulu angathe ola limodzi. Sukulu ikatsekedwa, onjezani kufikira maola aŵiri m'maŵa, ndi kupumula pakati. Zipangizo zilipo kale: njere za chimanga, zitsekerero za mabotolo, makala ndi mchenga wa pabwalo. Ngati muli ndi wailesi kapena foni, zikhale antchito anu; pa nthaŵi ya mapemphero zikhale chete.

Gaŵani ntchito za pakhomo mwachilungamo. Si bwino kuti mtsikana azitunga madzi, kuphika ndi kulera khanda pamene mlongo wake ali pa buku. Onse aŵiri analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu.

Kapena mukuti, ine sindinapite kusukulu. Musataye mtima. Muuzeni mwana akuŵerengereni mokweza, inu muzimfunsa tanthauzo lake. Mabanja atatu kapena anai oyandikana angathe kuthandizana, ndipo mkulu wa mpingo wa dera lanu kapena amai a chigwirizano adzakuthandizani kupeza woŵerenga. Pophunzitsa, pewani ukali. Aefeso 6:4 akuchenjeza atate kuti asapsetse mtima ana ao. Mwana woopa ndodo amaloŵeza ndi pakamwa pokha.

5. NDONDOMEKO IKASOKONEZEKA

Matenda, maliro ndi njala zidzafika osagogoda. Yakobo 4:13-15 akutikumbutsa kuti za maŵa sitizidziŵa, ndipo kuti zolinga zathu zonse tiziziika pansi pa chifuniro cha Ambuye. Chifukwa chake siyani sabata yomaliza ya mwezi uliwonse yopanda phunziro latsopano, kuti ikhale yobwereza ndi yokwaniritsa zotsala. Pakatha miyezi itatu tsekulaninso kope lija, muone pamene mwafika. Mukalephera sabata imodzi, musang'ambe kope, yambiraninso Lolemba.

Ine ndinatero mu Julayi 2020. Tinayamba ndi mphindi 20 patsinde pa mtengo wa mango, tsiku lililonse tikatha kumwa phala. Pamene sukulu zinatsekulidwa, mdzukulu uja anali akuŵerenga Salimo 23 payekha pa mapemphero a madzulo.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Malinga ndi Deuteronomo 6:6-7, mau a Mulungu ayenera kuyamba kukhala mwa yani?
2. Kodi banja la Timoteo linasiyana bwanji ndi banja la Eli?
3. Ndi nyengo iti imene imavuta kuphunzitsa ana kwanuko? Mungachitepo chiyani?
4. Mpingo wanu ungathandize bwanji ana amasiye ndi makolo osadziŵa kuŵerenga?

NTCHITO YA SABATA INO

Pezani kope. Lembani maina a ana onse a pakhomo panu, pamodzi ndi amene mukungoŵalera, ndi zinthu zitatu pa mwana aliyense. Mubwere nalo Sabata ya maŵa.

PEMPHERO

Atate wathu wakumwamba, ana aŵa ndi anu, ndipo mwatibwereka kuti tiŵalere. Tikhululukireni pa masiku amene tinaŵalekerera. Tipatseni nzeru yakukonzeratu, chipiriro chakuphunzitsa, ndi mtima wakuyambiranso tikalephera. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.