Funsani Agogo Anu Akadali ndi Moyo

Ana anga a m'chigwa cha Domasi, chinangwa chimene mumagula pa Songani, chomwechi amayi amasenda n'kuyanika kuti chikhale makaka, kwawo ndi ku Brazil. Chinawoloka nyanja m'zombo za Apwitikizi. Ulendo wobwerera, zombo za malondawo zinkapita zitadzaza anthu.

Dziko la Brazil linalandira akapolo a ku Africa oposa 4 miliyoni, kuposa dziko lina lililonse, ndipo linathetsa ukapolo mochedwa kwambiri, pa 13 Meyi 1888. Apo n'kuti mishoni ya Domasi, imene Alexander Hetherwick anatsegula mu 1884, ili kale ndi zaka zinayi. Si nkhani yamakedzana monga muganizira. Ambiri anatengedwa ku Angola, ku Congo ndi kumadzulo kwa Africa, koma kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800 zombo zinayamba kudzaza ku Quelimane ndi pachilumba cha Mozambique. M'menemo munali Amakua, Ayao ndi anthu a m'mbali mwa Shire ndi nyanja yathuyi. Tisabise: ogwira ndi ogwidwa, onsewo ndi makolo athu.

Atatsitsidwa padoko la Valongo ku Rio de Janeiro, ankabatizidwa mayina a Chipwitikizi. Mtundu wawo sunalembedwe bwino. Ambiri ankangotchedwa ndi dzina la gombe lomwe anakwerera. Mwana wobadwira kumunda wa khofi ankamva amayi ake akuimba m'chinenero chawo, iye n'kumayankha m'Chipwitikizi. Mdzukulu sanamvenso kanthu. Ng'oma zinapulumuka, magule a samba ndi capoeira alipo mpaka lero, koma mfunda, dzina la mudzi ndi la phiri la kwawo zinapita ndi eni ake kumanda.

Eni nthaka a ku Brazil nawonso zinawaonekera. Chinenero chochokera kwa anthu a mtundu wa Tupi chimene chinkalankhulidwa m'madera ambiri chinaletsedwa ndi lamulo la Pombal, nduna ya ku Portugal, m'zaka za m'ma 1750. Kalembera wa 2010 anapeza zinenero 274 za eni nthaka, zambiri mwa izo zili ndi olankhula ochepa.

Taonani tsono zimene zidzukulu za akapolo aja zikuchita. Mu 2003 Brazil inakhazikitsa lamulo loti mbiri ya Africa iziphunzitsidwa m'sukulu. Doko la Valongo linafukulidwa mu 2011 litakwiririka zaka zambiri, ndipo mu 2017 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo osungidwa. Anthu akukumba pansi, akufufuza m'mabuku a zombo, kusaka chimene inu muli nacho pakhonde: nkhalamba yodziwa kumene inachokera.

Ndaphunzitsa ana zaka zambiri, ndipo chimene chimandiwawa ndi ichi. Mwana wa kwa Malemia akangolowa sekondale, agogo akamulankhula Chiyao amayankha m'Chichewa, pa anzake n'kumadzikometsa ndi Chingerezi. Palibe chombo chamunyamula, palibe mkwapulo. Akungochita manyazi. Angoni ndi Alomwe ambiri anataya zinenero zawo, lero akuvutika kuzitolera. Chingerezi chiphunzireni ndithu, mayeso ndi ntchito zikuchifuna. Chipwitikizinso ndi chofunika, malire a Nayuchi sali kutali. Koma mutu wa munthu si nkhokwe yoti ukathiramo mpunga uyambe wachotsa chimanga.

Chitani chonchi. Madzulo, agogo akamasadzula chigwada kapena kupeta mpunga, khalani pansi pamphasa, osati kuima chiriri ngati mlendo. Musawafunse kuti akuuzeni mbiri. Adzaseka n'kunena kuti sadziwa kanthu. Afunseni tinthu ting'onoting'ono. Amayi awo anali yani? Anabadwira mudzi uti, anawoloka mtsinje uti pobwera kuno? Pa njala ya 1949 anadya chiyani? Mfunda wathu ndi uti, nanga mwini mbumba anali ndani? Akayamba nyimbo ya pamtondo musawadule. Foni imene mumaoneramo mpira wa Brazil ili ndi pojambulira mawu. Pemphani chilolezo, jambulani, ndipo mawa lake mulembe m'kope m'chinenero chomwe iwo alankhula, osatembenuza. Mawu okuvutani kalembedwe kake, a Centre for Language Studies ku Zomba anatulutsa mabuku otanthauzira mawu a Chichewa ndi Chiyao. Mukamaliza kwa agogo akuchikazi, pitaninso kwa akuchimuna, chifukwa nkhani zawo sizifanana.