Makalata a Omvera: Laputopu Yakana Wi-Fi

Kalata yotsatira yachokera kwa bambo wina wa ku Area 47 kuno ku Lilongwe. Akuti anagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito ku Old Town n'kuikamo Ubuntu, koma Wi-Fi sikuoneka, ngakhale ku ofesi kwawo ku City Centre komwe anzawo amalowa pa intaneti bwinobwino.

Bambo, musataye mtima, ndipo musafulumire kuganiza kuti anakugulitsani chakufa. Kawirikawiri vuto limagona pa driver, kapulogalamu kamene kamathandiza Ubuntu kulankhulana ndi kakhadi ka Wi-Fi kam'kati mwa makinawo.

Choyamba, tsegulani Terminal mulembe "rfkill list". Mukaona "Hard blocked: yes", Wi-Fi yangozimitsidwa ndi batani, lifufuzeni pa kiyibodi kapena m'mbali mwa laputopu. Mukaona "Soft blocked: yes", lembani "rfkill unblock all". Zonse zikakhala bwino koma Wi-Fi sikuonekabe, lembani "lspci" muone dzina la kakhadiko. Kakakhala ka Broadcom, driver yake nthawi zambiri imafunika kuiika nokha.

Apa pakufunika intaneti yobwereka. Lumikizani foni ndi chingwe cha USB, muyatse USB tethering. Bandulo ya Airtel kapena TNM ikwanira. Kenako pitani pa Software & Updates, mutsegule Additional Drivers, musankhe ya Broadcom, muzimitse laputopu n'kuyatsanso. Ikakanabe, zimitsani Secure Boot mu BIOS, poti imatha kutsekereza driver yotere.

Mukayesa, mutilemberenso bambo, kuti omvera ena aphunzirepo.