Phunziro: Kugula ndi Kulumikiza Sitiriyo Yako Yoyamba

Wophunzira wanga, wandifunsa za choimbira nyimbo cha m'nyumba, ndipo wanena kuti m'thumba mwako muli zochepa. Usadandaule. Tiyambe ndi zosavuta.

Sitiriyo ndi kaimbidwe kamene mawu a nyimbo amagawidwa pawiri, ena kupita kusipika ya kumanzere, ena ya kumanja. Katswiri wa ku Britain, Alan Blumlein, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya EMI, analembetsa luso limeneli mu 1931, ndipo zimbale za sitiriyo zinayamba kufala m'masitolo mu 1958. Cholinga chake n'chakuti ukakhala pakati pa masipika awiri, umve woimba ali patsogolo pako, gitala mbali iyi, ng'oma mbali iyo. Sunga mfundo imeneyi, tiifunanso.

Choimbira chili ndi zigawo zitatu. Choyamba ndi gwero, kutanthauza kumene nyimbo ikuchokera: foni, kompyuta, wailesi kapena makina a CD. Chachiwiri ndi ampulifaya, bokosi limene limalandira mphamvu yofooka ya magetsi kuchokera kugwero n'kuikulitsa. Chachitatu ndi masipika, amene amasandutsa mphamvuyo kukhala mawu pogwedeza mpweya. Gwero, ampulifaya, masipika. Foni uli nayo kale, ndiye gwero lisakudyere ndalama.

Ndalama zambiri zipite ku masipika. Ndibwerezenso: zipite ku masipika, pakuti ndi amene amasiyanitsa kwambiri choimbira chokoma ndi chosokosera. Kutsogolo kwa sipika yabwino uona timbale tiwiri. Kakakulu, kotchedwa woofer, kamatulutsa mawu a besi ndi apakati. Kakang'ono, kotchedwa tweeter, kamatulutsa mawu okwera, monga a chisekese. Pabalaza wamba, masipika awiri ang'onoang'ono oika pashelufu ndi okwana. Ena amabwera ndi ampulifaya m'kati mwake, ndipo ukapeza oterewa wapulumutsa ndalama za bokosi limodzi.

Tsopano tafika povuta pang'ono, ndiye tchera khutu. Watt ndi muyezo wa mphamvu imene ampulifaya imapereka. M'sitolo uona zoimbira zothwanima zolembedwa manambala aakulu ndi zilembo zakuti PMPO. Nambala imeneyo ndi nyambo ya ogulitsa. Imanena za mphamvu ya kanthawi kochepa zedi, ndipo kampani iliyonse imaiwerengera mmene ikufunira. Iwe funa zilembo zakuti RMS, zimene zimasonyeza mphamvu imene ampulifaya ingapereke mosalekeza. Ma watt 20 mpaka 50 a RMS pa sipika iliyonse ndi okwanira m'chipinda.

N'chifukwa chiyani ochepa chonchi akukwana? Kukula kwa mawu timakuyeza ndi decibel. Ukawirikiza mphamvu kawiri, mawu amakwera ndi ma decibel 3 okha, kusintha kumene khutu limangokumva pang'ono. Kuti khutu limve ngati mawu akula kawiri, pamafunika mphamvu yowirikiza pafupifupi ka 10. Choncho amene wagula ma watt 100 sanamuposere patali mnzake wa ma watt 50, ngakhale kuti walipira zambiri.

Muyezo wina ndi ohm, umene umanena mmene sipika imakanizira magetsi kudutsa. Masipika ambiri amalembedwa 4, 6 kapena 8 ohms. Nambala ikachepa, sipika imakoka magetsi ambiri ndipo ampulifaya imatentha. Yang'ana kumbuyo kwa ampulifaya, ndipo usalumikize sipika ya nambala yotsika kuposa yolembedwa pamenepo. Dziwanso kuti chimene chimapha tweeter kawirikawiri ndi kukweza voliyumu mpaka mawu kusasa. Ukamva kusasa, tsitsa.

Zogwiritsidwapo kale ntchito usazinyoze. Ampulifaya yakale ya Yamaha, Pioneer kapena Sony imene inasamalidwa bwino ingakutumikire zaka zambiri. Koma werenga kaye pafupi ndi chingwe cha magetsi. Kuno magetsi athu ndi a 230 volts, pamene a ku America ndi a 120, a ku Japan ndi a 100. Chipangizo cha 100 volts ukachilowetsa m'soketi yathu popanda thiransifoma chipsa. Zungulizanso voliyumu umve ngati sikukhotchola, ndipo ona ngati labala wozungulira woofer sanang'ambike. Usagule chimene wogulitsa akukana kuyatsa.

Polumikiza, zimitsa zonse kaye. Kumbuyo kwa ampulifaya ndi kwa sipika kuli polowetsa waya pofiira ndi pakuda. Chofiira kuchofiira, chakuda kuchakuda, mbali zonse ziwiri. Ukasemphanitsa pa sipika imodzi palibe chimene chipse, koma masipikawo azichita ngati anthu awiri okankha galimoto, wina kumbuyo wina kutsogolo: besi imazilala ndipo woimba samvekanso pakati. Chimene chingawononge ampulifaya ndi timawaya tofiira ndi takuda kukhudzana, ndiye pota nsonga zake bwino. Waya wa kopa wamba wonenepa bwino ndi wokwana. Waya wodula amene ena amamutama ndi wa anthu amene ndalama zawasowetsa chochita.

Chotsala sichilira tambala, koma ambiri amalakwa pomwepa. Kumbuka cholinga cha sitiriyo. Masipika awiri ndi mpando wako zipange makona atatu ofanana: ngati masipika atalikirana mamita 2, iwenso ukhale mamita 2 kuchokera pa iliyonse. Tweeter ikhale mulingo wa makutu ako utakhala pansi. Masipika uwatembenuzire pang'ono kwa iwe, uwachotse kukhoma ndi masentimita pafupifupi 30, ndipo usawapanikize pakona, chifukwa pamenepo besi imachuluka mpaka kuphimba mawu a woimba. Ngati pansi ndi pa simenti ndipo makoma ndi opanda kanthu, mawu amabwerera n'kusokonezana. Yala mkeka kapena kapeti, pachika makatani.

Magetsi akazima, zula pulagi, chifukwa pobwerera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola muyezo.

Nayi ntchito yako ya sabata ino. Sankha nyimbo imodzi imene umaidziwa bwino, uimvere masipika ali pakhoma, kenako uwasunthe monga ndakuuzira, uimverenso. Udzandiuze pamene woimba waima.