Khutu la Mlendo

Ku Chadiza ndalama sizibwera tsiku ndi tsiku. Zimabwera kamodzi pachaka, soya akagulitsidwa, thonje likakwera pasikelo, a FRA akalipira chimanga chimene chinasiyidwa padepoti. Makhadi nawonso amatuluka nyengo yomweyo. Kuseri kwa chigayo amuna amayala thumba lakutha la feteleza n'kukhala mozungulira, ndipo pakati pawo sipalephera kupezeka nkhope zachilendo. Wina amati ndi wogula soya wochokera ku Chipata, wina amati akudikira galimoto yopita kumalire a Chanida.

Bambo amene ndikufuna mumve nkhani yawo sanali chidakwa kapena mlesi, ndipo dzina lawo ndilisunga. Anali mlimi wakhama, wa ng'ombe ziwiri zapagoli ndi ngolo, katswiri pa nsolo. Munthu akafuna kugula ng'ombe ankawatenga iwowa kuti akamunenerere mtengo, chifukwa ankati akangomuyang'ana wogulitsa amadziwa pamene athere. Luso limenelo ndi lomwe linawakhazika pathumba lija.

Tsiku loyamba sanatchove. Anaima chapatali, manja kumbuyo. Njuga yake inali ija yoti aliyense amalandira makhadi atatu n'kuwabisa, ndalama zikuwunjikana pakati, wamantha n'kutaya makhadi ake, wolimba mtima n'kudya zonse ngakhale atagwira zinyalala. Apo anaona kanthu. Mlendo wina wajekete lachikopa, akagwira makhadi abwino, ankangoti zii n'kumadzikanda khutu lamanzere. Akagwira oipa ankalongolola, kuseka mokweza, kuponya ndalama mwaukali. Kutacha bambowa anakhala pansi ndi ndalama ya sopo. Khutu likakandidwa, iwo ankataya makhadi. Phokoso likayamba, ankawonjezera. Madzulo anafika kunyumba ndi nyama, shuga ndi chitenje cha mayi, ndipo tsiku lotsatira zinayendanso chimodzimodzi.

Sindikunena kuti thupi la munthu siliulula zamumtima. Ku Las Vegas, kumene mpikisano wa World Series of Poker unayamba mu 1970, osewera amatha maola ambiri akupenyetsetsa manja, khosi ndi kapumidwe ka anzawo, ena atavala magalasi akuda kuti maso asawagulitse. Koma Mike Caro, amene analemba buku lathunthu pa zizindikiro zimenezi, anachenjeza kuti osewera ali pawiri: amene thupi limawaulula iwo osadziwa, ndi amene amachita sewero dala akadziwa kuti wina akuwayang'ana. Woopsa ndi wachiwiriyu, chifukwa amakupatsa ndendende chimene maso ako akufuna.

Komanso tonsefe timadzikhulupirira mopitirira muyeso pa nkhani yogwira wabodza. Mu 2006 Charles Bond ndi Bella DePaulo anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambirimbiri ndipo anapeza kuti posiyanitsa bodza ndi zoona anthu amalondola pafupifupi maulendo 54 pa 100 aliwonse. Wongolota chabe amalondola 50. Mu 2013 Michael Slepian ndi anzake anaonetsa anthu makanema a World Series ya 2009, ndipo amene ankayang'ana nkhope za osewera anasokera kuposa amene ankangoona mkono ukukankha ndalama patebulo. Dziwani kuti kumeneko wogawa makhadi ndi wantchito wopanda mbali, makamera amajambula, ndipo palibe wololedwa kuima kumbuyo kwa wosewera n'kumasuzumira. Kuseri kwa chigayo, wogawa makhadi anabwera galimoto imodzi ndi mlendo wajekete uja.

Mwana wa mlongo wa bambo aja anaziona izi. Anawakoka malaya n'kunong'ona kuti, "Amalume, tiyeni tizipita. Uyu waima kumbuyo kwanuyu sakungoonerera ayi. Mukatukula makhadi, iye amagwira chipewa."

"Khala chete iwe. Munthu uyu ndamutha kale."

Mlendo anaseka. "Musiyeni mwana, madala. Za akuluakulu sazidziwa."

Tsiku lachinayi anatsegula kachitini kamene mayi ankasungamo K400 yokapereka kukopaletivi pa feteleza wa FISP, pamodzi ndi ndalama zonse za soya zimene anasungira matumba owonjezera ndi mbewu. Pathumba paja anagwira makhadi abwino ndithu. Mlendo anayamba kulongolola. Anaponya ndalama mwaukali, khutu osalikhudza n'komwe. Bambowa mtima unati uyu wagwira zinyalala, ndipo anawonjezera. Mlendo anawonjezera, iwo anawonjezeranso, mpaka m'thumba munatsala mphepo. Kuti asataye zimene anali ataika kale, anatchula ng'ombe imodzi, anthu onse akumva, wina n'kulemba papepala. Makhadi atagwetsedwa, mlendo anali ndi atatu ofanana, apamwamba pa onse.

Nyama ija, shuga ndi chitenje zinali nyambo ya padiwa. Kuyambira tsiku limene anaima chapatali manja kumbuyo, alendowo anali atawaona kale kuti uyu ndi munthu wopenyetsetsa, wonyadira maso ake, ndipo anamukonzera khutu loti aziliwerenga.

Pasanathe sabata ng'ombe inali itakwezedwa pagalimoto ndipo alendo sanaonekenso. Kukadandaula kwa mfumu kapena kupolisi bambowa anachita manyazi, poti pathumba paja anakhalapo okha ndi miyendo yawo. Mayi anangofunsa kamodzi, "Atate ake a ana, m'chitinimu mwalowa ndani?" Sanayankhidwe. Goli silisenzedwa ndi ng'ombe imodzi, choncho mvula itagwa munda unalimidwa ndi khasu, theka lake n'kubwereketsa kwa mnansi. Chimanga chopanda feteleza chinangochita chikasu, ndipo pofika Febuluwale mayi ndi ana anali pa ganyu m'minda ya anthu amene kale ankabwereka ngolo pakhomo pawo.

Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti bambowa mpaka lero savomera kuti anakonzedwa. Amati mlendo uja anamuwerenga bwino masiku onse, anangophonya kamodzi kokha. Mwana wa mlongo wawo uja akawakumbutsa za chipewa amamukalipira. Ng'ombe yotsalayo akuti aigulitsa soya akayamba kugulidwa, chifukwa amva kuti alendo aja amabweranso chaka chilichonse.