Jekete ya batire pa Khwekhwerere: imatenthetsadi, koma ndi mphamvu yochuluka bwanji?

Kuno ku Mtakataka sitidziwika ndi kuzizira. Munthu akamva dzina la kwathu amaganiza za dzuwa la mu Okotobala, lija lowotcha mchenga mpaka woyenda wopanda nsapato amachita ngati akuvina. Koma kafunseni wakabaza wa pa Golomoti amene ananyamulapo munthu m'mamawa wa mu Julaye n'kukwera naye Khwekhwerere kulowera ku Masasa. Akuuzani kuti pofika pamwamba zala zimakhala zitauma gwa, moti kufinya buleki kumavuta.

Nkhani ya lero yachokera kwa mnzanu wina wa Fomu 3. Achimwene ake ali ku Joni, ndipo atumiza chithunzi pa WhatsApp: jekete yokhala ndi kabatani kowala pachifuwa, yolumikiza ku power bank yomwe imakhala m'thumba. Ukadina kabatanko, jeketeyo imayamba kufunda yokha. Akufuna kugulira bambo awo, amene amayendetsa njinga yamoto pa msewu womwewu. Funso lake ndi lakuti: ndalamayo ipita pabwino, kapena ndi zongodyera anthu? Yankho lili mu Physics yomwe mukuphunzira kale. Tengani kope ndi bolopeni.

Tiyambe ndi chifukwa chake kumtunda kumazizira

Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo Mtakataka ndi Golomoti sizinakwere kwambiri kuposa apo. Tauni ya Dedza ili cha pa mamita 1,600. Mpweya ukamakwera umatambasuka, chifukwa mpweya woupsinja kuchokera pamwamba umachepa, ndipo potambasukapo umazizira. Kawirikawiri pa mamita 1,000 aliwonse kutentha kumatsika ndi 6.5°C. Ndiye wakabaza wochoka pa Golomoti kuli 17°C akhoza kukapeza 10°C pamwamba, ola limodzi lisanathe n'komwe.

Onjezanipo mphepo. Thupi limafunditsa kampweya kochepa kamene kamakhala pakhungu, ndipo kampweya kameneka kamakhala ngati kansalu kosaoneka. Mphepo ikawomba imakachotsa, thupi n'kufunditsanso kena, mphepo n'kuchotsanso. Pa njinga yothamanga makilomita 60 pa ola, ngakhale kunja kuli bata, woyendetsayo ali pa mphepo ya makilomita 60 pa ola. Mwa kawerengedwe kamene a zanyengo amagwiritsa ntchito, 10°C pa mphepo yotereyi khungu limaimva ngati 5°C. Izi si za masewera ayi. Zala zozizira zimachedwa kumvera, ndipo pa makona a Khwekhwerere kuchedwa kufinya buleki ndi sekondi imodzi ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

M'kati mwa jekete muli chiyani?

Mulibe matsenga. Mwasokeredwa timawaya topyapyala, kapena tiulusi ta carbon, kumsana ndi pachifuwa. Timawayati sitilola magetsi kudutsa mosavuta, tili ndi resistance. Magetsi akamadzikakamiza kudutsamo, ma electron amagundana ndi ma atomu a m'wayamo, ma atomuwo n'kumanjenjemera kwambiri. Kunjenjemera kumeneko ndiye kutentha. Simbi yamagetsi, ketulo ndi hotipuleti zimagwira ntchito mwa njira yomweyi.

Amene anayeza zimenezi mosamala ndi James Prescott Joule, mwana wa munthu wofulula mowa wa ku Salford, kufupi ndi Manchester ku England. Cha m'ma 1840 iye ankamiza waya m'madzi, kudutsitsamo magetsi, n'kumayeza mmene madziwo akutenthera. Anapeza kuti kutenthako kumayendera current kuchulukitsa ndi current yomweyo, kuchulukitsanso ndi resistance. Ndi P = I²R ija imakuzunguzani mitu m'kalasi. Dzina lake ndi lomwe lili pa joule, muyeso wa mphamvu.

Zovala zamagetsi si zachilendo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, asilikali a m'ndege zoponya mabomba za America monga B-17 ankauluka kumwamba kwambiri, kozizira mpaka -40°C, ndipo ankavala zovala za mawaya zolumikiza ku magetsi a ndegeyo. Iwo anali ndi jenereta ya ndege. Chomwe chasintha masiku ano ndi batire. Mabatire a lithium-ion, omwe kampani ya Sony inayamba kugulitsa mu 1991, amasunga mphamvu yambiri m'kanthu kopepuka kolowa m'thumba. Ndi omwewo ali m'foni mwanu. Ndiponso mtundu womwewu ndi umene uli pa malo opangira magetsi a dzuwa a pa Golomoti pompa, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2022: amapanga 20 MW ndipo mabatire ake amasunga 10 MWh.

Tsopano masamu

Majekete ambiri otchipa amalumikizidwa pa USB, yomwe imapereka 5 V. Current yake imafika cha pa 2 A. Power ndi voltage kuchulukitsa ndi current:

P = V × I = 5 × 2 = 10 W

Sungani nambala imeneyi, 10 W. Tibwererako.

Nanga power bank imasunga mphamvu yochuluka bwanji? Tinene kuti yalembedwa 10,000 mAh, zomwe ndi 10 Ah. Apa ambiri amalakwitsa: amachulukitsa ndi 5 V. Ayi. Nambala ya mAh ija ndi ya mabatire a m'kati, omwe amakhala a 3.7 V. Ndiye:

10 Ah × 3.7 V = 37 Wh

Pokweza voltage kuchoka pa 3.7 kufika pa 5, mphamvu ina imatayika, n'chifukwa chake power bank imafunda ikamagwira ntchito. Tinene kuti zofika ku jekete ndi 30 Wh. Gawani ndi 10 W, mupeza maola atatu. Mukatsitsa kabatani kaja kuti izifunda pang'ono, itha kufika maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Wogulitsa akakuuzani kuti imatentha kwambiri usiku wonse ndi power bank imodzi yaing'ono, mufunseni kuti mphamvu inayo ikuchokera kuti. (Ndipo samalani ndi ma power bank a pamsika olembedwa 50,000 mAh koma opepuka ngati bokosi la machesi. Kulemba nambala pa pulasitiki sikuvuta.)

Mongocheza: mabatire a pa Golomoti aja, 10 MWh ndi 10,000,000 Wh. Gawani ndi 37, mupeza ma power bank oposa 270,000.

Mbaula yeniyeni ndi inuyo

Apa ndi pomwe nkhani ikukomera. Munthu wamkulu amagwiritsa ntchito chakudya chokwana pafupifupi 2,000 kcal pa tsiku. 1 kcal ndi pafupifupi 4,200 J, ndiye pa tsiku ndi 8,400,000 J. Tsiku lili ndi masekondi 86,400. Gawani:

8,400,000 ÷ 86,400 = 97 W

Pafupifupi mphamvu yonseyi imathera ku kutentha. Kutanthauza kuti inuyo, mutangokhala phee pa benchi, mukutulutsa kutentha kokwana pafupifupi 100 W. Jekete ija ndi 10 W. Thupi lanu likuiposa kakhumi.

Tiyerekezenso mwa njira ina. 37 Wh ndi 37 × 3,600 = 133,200 J. Sinthani kukhala kcal, mupeza pafupifupi 32. Nthochi imodzi yaikulu bwino imakhala ndi pafupifupi 100 kcal. Eetu, nthochi imodzi ili ndi mphamvu kuposa power bank yodzadza, katatu konse. Wakabaza amene wadzuka n'kumwa phala kapena tiyi ndi mbatata wathira kale mafuta ambiri kuposa amene angatuluke m'batire.

Ndiye vuto la munthu wozizidwa si lakuti alibe chofunditsa. Vuto ndi lakuti kutentha kwake kukuthawa msanga kuposa mmene akukupangira. Juzi kapena bulangete sizipanga kutentha, mudziwe. Zimangogwira mpweya kuti usayende, ndipo mpweya wongokhala sudutsitsa kutentha mosavuta. N'chifukwa chake nkhuku imafufumitsa nthenga kukazizira. N'chifukwa chakenso majuzi awiri opyapyala nthawi zambiri amafunda kuposa imodzi yokhuthala: pakati pawo pamatsekeredwa mpweya. Koma juzi yoluka ili ndi timabowo, mphepo ya pa njinga imalowa ndi kutuluka mmene ikufunira. Pamafunika chovala chapamwamba chosalola mphepo. Kale akatswiri a mpikisano wa njinga wa Tour de France ankati akafika pamwamba pa phiri, ankalowetsa nyuzipepala pachifuwa m'kati mwa malaya asanayambe kutsetsereka. Ena mwa akabaza athu amachita zomwezo ndi katoni kapena jumbo, ndipo sayansi ikuwavomereza.

Ndiye jeketeyo ndi yachabe?

Ayi, si yachabe, ndipo apa tisapupulume. 10 W ija siimwazika m'chipinda chonse. Imaperekedwa pafupi ndi khungu, pamsana ndi pachifuwa penipeni. Thupi likazizidwa limafinya mitsempha ya magazi yopita ku manja ndi ku mapazi, kuti liteteze mtima ndi ziwalo zina za m'kati kukhala pa 37°C. N'chifukwa chake zala ndizo zimayamba kuuma. Chifuwa ndi msana zikafunda, thupi silifinya mitsempha ija kwambiri, magazi ofunda amafikako ku zala.

Koma imathandiza ndani? Munthu wolima kapena wopalasa njinga yakapalasa kukwera chitunda amatulutsa kutentha kochuluka katatu kapena kanayi kuposa wongokhala. Ameneyo safunika batire, amachita kuvula juzi. Imathandiza anthu amene ntchito yawo ndi yokhala malo amodzi pozizira: woyendetsa njinga yamoto, mlonda wa usiku, mayi wogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu wa M1 m'bandakucha. Abale athu a ku Joni nawonso, chifukwa Johannesburg ili pamwamba kuposa Dedza, cha pa mamita 1,750, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julaye kumatha kufika pafupi ndi 0°C.

Chinanso, jekete yamagetsi ivalidwe m'kati, pamwamba pa malaya opyapyala, kenako juzi, kenako chotchinga mphepo. Mukaivala pamwamba pa zonse, mukufunditsa mphepo ya pa Khwekhwerere ndi batire lanu.

Ine ndikanakhala mnzathu wa Fomu 3 uja ndikanawauza achimwene kuti ayambe ndi magolovesi abwino, jekete yosalowa mphepo ndi mpango wa m'khosi. Zina mwa izi zimapezeka pa kaunjika. Sizifuna kutchaja, ndipo magetsi akazima usiku zimagwirabe ntchito m'mawa. Ndalama ikatsala, ya batireyo ibwere ngati ndiwo yoonjezera.

Kwa asodzi nkhani ndi ina. Mdani wa msodzi pa mwera ndi madzi. Madzi amadutsitsa kutentha mofulumira kuposa mpweya koposa ka 20, ndipo chovala chikanyowa mpweya uja wa m'timipata umalowedwa m'malo ndi madzi. Madziwo akamauma ndi mphepo amatenganso kutentha kwina m'thupi. Pamenepa 10 W ndi dontho chabe, komanso power bank sigwirizana ndi madzi. Chofunika m'bwato ndi chovala chosalowa madzi ndi malaya ouma osungidwa m'jumbo. Kutentha kwa m'thupi kukatsika pansi pa 35°C munthu amayamba kusokonezeka mutu ndi kulankhula mokoka lilime. Ameneyo avulidwe zonyowa, afunditsidwe, apite kuchipatala. Kachasu musamupatse. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva ngati wafunda pamene kutentha kukuthawa mofulumira kuposa kale.

Zoti musayesere

Ndikukudziwani ana a Physics, wina waganiza kale zosokera waya m'juzi. Magetsi a pakhoma ndi 230 V ndipo amapha. Ngakhale batire ya njinga yamoto ya 12 V, waya wa resistance yochepa ukalumikiza mbali zake ziwiri popanda fyuzi, current imakwera kwambiri, ndipo popeza kutentha kumayendera I², wayayo amafiira nthawi yomweyo n'kuyatsa nsalu. Power bank yotupa, yoboka kapena yotentha kwambiri isalowe m'thumba la munthu, batire ya lithium ikayaka moto wake ndi wovuta kuzimitsa. Musagonenso mutavala jekete yoyatsa: chinthu chongofunda bwino chikakhudza khungu malo amodzi kwa maola ambiri chimatha kuwotcha. Ndipo poti tikukamba za kuzizira, mbaula ya makala m'chipinda chotseka imatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo womwe umapha anthu ali m'tulo.

Choti muyesere ndi ichi. Pezani mabotolo atatu ofanana a pulasitiki, muthiremo madzi ofunda mofanana, osati owira. Loyamba likhale lopanda kanthu. Lachiwiri livekeni sokosi youma. Lachitatu livekeni sokosi youma, pamwamba pake jumbo. Ikani onse panja pomwe pakuwomba mphepo, muyeze ndi thermometer ya ku labu mphindi 10 zilizonse kwa ola limodzi, mujambule girafu. Mawa lake bwerezani, koma sokosi ya botolo lachiwiri muinyowetse.

Ndipo nayi samu ya kunyumba. Wakabaza ali ndi jekete ya 12 V yokoka 3 A kuchokera ku batire ya njinga yolembedwa 7 Ah. Pezani power ya jeketeyo ndi resistance ya mawaya ake. Kenako pezani kuti akazimitsa injini pa Masasa podikira kasitomala, jekete ili chiyatsire, patenga maola angati kuti batire ithe theka.